Chikhakha chitachoka

Tepi yanga yoyezera makasitomala ili ndi mbali ziwiri, kuno mainchesi, uko masentimita. Zaka 14 zimene ndakhala ndikusoka pakhonde la sitolo ina kufupi ndi msika waukulu wa Mzuzu, mbali ya masentimitayo sindinkaiwerengera n'komwe. Chiuno, mapewa, kutalika kwa siketi, zonse timalemba m'mainchesi. Ndinayamba kuitembenuza tepiyo mu Juni chaka chatha, ndipo chimene ndinkayeza sinali nsalu. Anali katumba wa mwendo wanga wamanja.

Amene mumaidziwa Mzuzu mukudziwa kuti kuno mvula siitsanzika msanga. Anzathu a kummwera akamayamba kukolola, ife timakhala tidakali m'matope. Linali Lachiwiri lina mu Epulo, kukuwaza kamvula ka m'mawa, pamene ndinakwera njinga ya kabaza, imene kuno timaitcha sacramento, kuchokera kwathu ku Chibavi. Pamiyendo ndinali nditanyamula jumbo ya nsalu za makasitomala. Pamalo ena otsetsereka tayala lakutsogolo linaterereka. Mnyamata wopalasayo anayesetsa, sindingamunamizire, koma njinga inapendekeka ndipo ine ndinatsitsa phazi lamanja kuti ndidziteteze. Phazilo linalowa m'kangalande kokumbidwa ndi madzi n'kukanirira momwemo, thupi lonse likupita kwina. Ndinangomva kuti tswa, ngati wina wathyola kankhuni kouma. Ululu unabwera pambuyo.

Anthu sanachedwe kuunjikana. Bambo wina anali atagwada kale n'kugwira phazi langa, akuti ndangobinya, alikoke libwerere m'malo mwake. Amene anandipulumutsa ndi mayi wina wogulitsa tomato, amene mpaka lero sindikumudziwa dzina. Anamuletsa bamboyo mwamphamvu, anang'amba katoni yake, anaipinda mbali zonse ziwiri za kakolo n'kumanga ndi chitenje chimene anavala pamwamba. Mnyamata wa njinga uja anathamanga kukasaka galimoto, ndipo sanachoke pachipatala mpaka bambo a kunyumba atafika.

Ekisire inaonetsa kuti lathyoka ndi fupa laling'ono la kunja kwa mwendo, limene achipatala amalitcha fibula, chakumunsi kwenikweni pamene limathera n'kupanga kakolo wakunja. Mwayi wanga unali woti zidutswazo sizinasemphane, ndiye za opaleshoni panalibe. Amene anandithandiza ndinkangowatchula kuti adokotala, koma iwo anandiuza kuti ndi orthopaedic clinical officer. Ndili chigonere kunyumba ndinadzawerenga pafoni kuti anthu a ntchito imeneyi anayamba kuphunzitsidwa m'dziko muno mu 1985, maphunziro ake atayambitsidwa ndi Dr Ed Blair mogwirizana ndi bungwe la Malawi Against Polio, lija timangoti MAP, chifukwa madokotala a opaleshoni ya mafupa anali osowa kwambiri. Mpaka pano m'zipatala za m'maboma amene amawongola mafupa ndi kumanga zikhakha nthawi zambiri ndi iwowa.

Poyamba anandiika chikhakha cha theka, chakumbuyo kokha, kuti mwendo upeze potupira. Patatha sabata ndi masiku angapo anamanga chozungulira, kuyambira kumunsi kwa bondo mpaka kuzala. Malangizo anali omveka bwino: osaponda, osachinyowetsa, mwendo uzikhala pamwamba pa mapilo, zala ndizizigwedeza pafupipafupi. Zalazo zikachita dzanzi, zikazizira kapena kusintha mtundu, kaya ululu ukakula mosagonetsa tulo, ndibwerere nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku. Anandifunsanso ngati ndimasuta, popeza fodya amachedwetsa fupa kugwirana.

Mayi anga atamva anakwera basi kuchokera ku Ntcheu, ulendo wa tsiku lathunthu, pa msinkhu wawo. Masabata 6 amene ndinakhala m'chikhakha sindinanyamule ngakhale kapu. Ankandisambitsa mwendo ataukulunga m'pulasitiki, ankandiphikira usipa wa ku Nkhata Bay n'kundiuza kuti ndidye ndi minga yomwe, nyemba, mazira, nkhwani wotendera. Dzuwa likangoti lawala pang'ono ankanditulutsa pakhonde. Amayi a m'dera lathu ankabwera kudzandizonda, "phepani chomene, phepani chomene", wina kaufa, wina tinthochi. M'chikhakhamo mukamayabwa ndinkalakalaka kulowetsamo waya wolukira, koma ndinali nditachenjezedwa kuti ukadzikanda n'kuchita bala mkatimo, suliona mpaka litanyeka.

Masiku onsewo mtima wanga unali pa tsiku limodzi. Ndinkati chikhakha chikangochoka, basi ndachira. Ndinafika polonjeza mayi wina kuti madiresi a operekeza ukwati wa mwana wake ndisoka ine, ndiyamba sabata yotsatira.

Macheka ochotsera chikhakha amalira moopsa, ngakhale kuti amangonjenjemera, sazungulira ngati a akalipentala. Atachitsegula ndinaona mwendo umene sindinauzindikire. Unali wowonda ngati wa mwana, katumba atafota n'kumangolendewera, khungu likufundula ngati njoka, phazi lotupa ndi lotuwa. Ndinati ndilikokere m'mwamba, linangoti gwa ngati chikuni. Nditalitsitsa kuti ndiponde, pansi ndinapamva patali, ngati ndaponda ndi phazi lobwereka. Mwa anthu onse amene anabwera kudzandizonda, ena a iwo oti anavalapo chikhakha, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anandiuza kuti mwendo umatuluka chonchi. Ndinalira pamaso pa anthu, misozi yeniyeni.

Adokotala aja anayang'ana ekisire yatsopano n'kunena kuti, "Fupa lagwirana bwino, mayi. Chatsala ndi mwendo. Ndikulemberani kalata mupite ku fizo."

Ine fizo ndinkaiona ngati ya anthu a sitiroko ndi ana obadwa ndi ulumali, kapenanso malo ongosisitidwa ndi mafuta. Ndinapitako mokayika, ndili pa ndodo ziwiri.

Amene anandilandira anali mtsikana wa msinkhu wa mng'ono wanga wotsiriza. Asanaugwire n'komwe mwendo anandifunsa kuti ndimagwira ntchito yanji. Nditati ndine telala, anafunsanso ngati makina anga ndi a magetsi kapena opondera, kenako kuti ndimaponda ndi phazi liti, kunyumba kuli masitepe angati, chimbudzi chathu n'chokhala kapena chonjuta, njira ya kwathu ndi yotsetsereka bwanji. Zonse ankalemba. Apa m'pamene mtima unayamba kukhala m'malo, chifukwa ndinaona kuti akufunsa za moyo wanga, osati za chithunzi cha fupa.

Atati ayeze katumba, akusakasaka tepi m'dirowa, ine ndinatulutsa yanga m'chikwama, poti telala sayenda wopanda tepi. Anaitembenuzira ku masentimita. Kumanzere 35, kumanja 31. Kenako anandiimika moyang'ana khoma nditagwira mpando, n'kundiuza kuti ndipinde bondo mpaka likhudze khomalo koma chidendene chisanyamuke pansi. Ndi mwendo wamanzere ndinkatha kutero chala chachikulu chili masentimita 11 kuchokera kukhoma. Ndi wamanja, ngakhale chala chitagunda khoma lenilenilo, bondo silinafike. Analemba 0.

Zimene anandifotokozera tsiku limenelo ndimazibwereza kwa aliyense amene ndamuona ali m'chikhakha. Fupa limadzichiritsa lokha. Likathyoka magazi amaundana pamalopo, kenako pamamera kanthu kofewa kolumikiza zidutswazo, kamene pakapita masabata kamalimba n'kusanduka fupa, ndipo thupi limapitiriza kulisalaza kwa miyezi yambiri mwiniwake osadziwa. Chikhakha ntchito yake n'kungoligwira kuti lisasunthe. Koma kusasuntha komweko kumene kumathandiza fupa n'kumene kumawononga zina zonse zolizungulira. Mnofu wosagwira ntchito umafota msanga. Mfundo ya kakolo, pamene pamakumana mafupa atatu, awiri a mwendo ndi limodzi la phazi, imauma chifukwa zoikuta zimafupika ndi kulimba. Ndiye pali chachitatu chimene sindinkachidziwa: m'mfundo ndi m'minofu muli timitsempha timene timauza ubongo kuti phazi lapendekera kuti, ngakhale utatsinzina. Timeneti n'timene timakuyendetsa usiku panjira ya mabampu osagwa. Tikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito timagona, ndipo munthu amene sanatidzutse amangobinyabinya phazi lomwelo. Zitatu zimenezi sizibwerera ndi mapiritsi, sizibwerera ndi kugona.

Mafizo oyamba anali ooneka ngati achibwana. Kukhala pamphasa mwendo utawongoka, kukoloweka chitenje kuphazi n'kuchikokera kwa ine, kugwira mpaka masekondi 30. Kulemba afabeti m'malere ndi chala chachikulu, kuyambira A mpaka Z. Kuyala kansalu pansi n'kumakasonkhanitsa ndi zala. Kuimirira nditagwira tebulo n'kumasamutsira thupi ku mwendo wodwalawo pang'onopang'ono. Anati ndizichita katatu pa tsiku, ndipo ndizibwera kudzaonana naye pakatha masabata awiri alionse. Anandiuza mosabisa kuti mphindi zochepa zimene ndimakhala naye si zimene zidzandiyendetse, koma zimene ndizichita kunyumba iye kulibe.

Kunyumbako n'kumene kunali nkhondo. Mayi anga atandiona ndikukoka chitenje, nkhope itakwinyika ndi ululu, anandilanda. "Iwe mwana, fupa lokakamiza limaswa mphika. Mwendo wangotuluka kumene m'chikhakha, ukufuna uuthyolenso?" Iwo ankafuna kuti ndigone, azindithowa ndi madzi otentha m'mawa ndi madzulo, ndipo anali atamva kale za bambo wina wa kutsidya kwa Lunyangwa amene amatema mphini pa mafupa othyoka. Ndikangoti ndidzuke ndikatunge madzi akumwa ndekha, ankandikhazika pansi. Bambo a kunyumba anangoti kukamwa pululu, poti mkamwini satsutsana ndi apongozi.

Sindikuwanena mayi anga. Anasiya munda wawo usanathe kukololedwa chifukwa cha ine. Kwathu chikondi kwa wodwala timachiyeza ndi kuchuluka kwa zimene tamuchitira, ndipo wodwala akagwira tsache anthu amati m'nyumbamo mulibe chisoni. Pa malungo kapena pa uchembere nzeru imeneyi ndi yabwino. Koma pa mwendo umene wangotuluka m'chikhakha, chisamaliro chotere chikapitirira chimasiya munthu akutsimphina moyo wake wonse, ndipo amene wamulemaza amakhala munthu womukonda kwambiri. Zimenezi zimandiwawa ndikaziganiza, chifukwa ndikudziwa kuti zikuchitika m'nyumba zambiri.

Nditamuuza wa fizo uja, sanaseke ndipo sananyoze. Anati ulendo wotsatira ndibwere nawo. Anawapatsa mpando, anawapatsa moni wa ulemu, kenako anawagwiritsa akatumba anga onse awiri kuti amve okha kusiyana kwake. "Agogo, mwendo uwu wafota chifukwa chogona. Tikaugonekanso ufota kuposa apa." Anawafotokozera kuti ululu uli pawiri. Pali wokoka, wonga mnofu ukamatambasuka, umene umazilala munthu akapuma ndipo mawa lake sunawonjezeke; umenewo ndi wololedwa. Ndiye pali wobaya pafupa penipeni, kapena kutupa kumene wadzuka nako m'mawa kutaposa dzulo. Pamenepo ndiye kuti wapyola muyezo, uchepetse. Anawonjezera kuti katumba akadzatupa, kutentha ndi kupweteka, kapena ndikadzayamba kubanika, tisadikire tsiku lathu, tithamangire kuchipatala, chifukwa akhoza kukhala magazi aundana mumtsempha.

Za kuthowa sanawakanize. Anati madzi ofunda, osati otentha, amathandiza kufewetsa mfundo mafizo asanayambe, koma khungu lotuluka m'chikhakha ndi lanthete, silichedwa kupsa. Kutupa kukakula pambuyo pa mafizo, pamafunika nsalu ya madzi ozizira, mwendo uli m'mwamba. Za mphini anawapempha mwaulemu kuti asayerekeze, chifukwa kucheka khungu pa mwendo wotupa n'kutsegulira khomo matenda, pamene fupalo lagwirana kale. Pomaliza anati, "Ine ndimawaona kawiri pa mwezi. Inu mumakhala nawo tsiku lililonse. Mundithandize kuwawerengera."

Mawu amenewo ndi amene anatembenuza zinthu. Titafika kunyumba mayi anga anatenga mbale ziwiri ndi nyemba 10. Ndikakoka chitenje kamodzi, nyemba imodzi inkachoka m'mbale iyi kupita m'mbale iyo. Nyemba zikatha, tapuma, kenako zibwerere. Munthu yemwe uja ankandilanda chitenje ndi amene tsopano ankandidzutsa m'mawa, madzi ofunda ali kale m'beseni. Ndikafuna kudumpha chilembo pa afabeti ija ankaona, ngakhale kuti sukulu sanapite nayo patali, chifukwa anali ataloweza kayendedwe ka chala.

Chinthu chimodzi chimene anthu sakonda kuchitchula ndi chimbudzi. Kakolo wosapindika salola munthu kunjuta. Chathu ndi cha dzenje, ndipo masabata oyamba aja chinali chinthu chondichotsa ulemu kuposa china chilichonse. Bambo a kunyumba anatenga mpando wakale wathabwa, anauboola pakati n'kuulimbitsa miyendo, anakhomanso chogwirira kukhoma. Ngati muli ndi wodwala mwendo pakhomo, musadikire kuti achite kupempha, chifukwa ambiri amachita manyazi n'kuyamba kudzimana chakudya ndi madzi.

Pakutha pa Juni bondo linayamba kugunda khoma. Kenako masentimita 2, kenako 4. Ndodo imodzi ndinaisiya, yotsalayo anandiphunzitsa kuigwira ndi dzanja lamanzere, mbali ya mwendo wabwino, zimene poyamba ndinkaziona ngati zosemphana. Pa masitepe lamulo linali loti pokwera utsogoze mwendo wabwino, potsika utsogoze wodwala. Anandiwonjezera mafizo ena: chidutswa cha chubu cha njinga chomangirira kumwendo wa bedi, kumachikoka ndi phazi kupita mkati, kunja, m'mwamba, kunyamuka pa zala nditagwira tebulo, kuima ndi mwendo umodzi pafupi ndi khoma. Tsiku loyamba kuima ndi mwendo wamanja wokha sindinakwanitse ngakhale masekondi atatu. Phazi linkanjenjemera ngati likufufuza pansi.

Mu Julayi ndinafooka. Mayi anali atabwerera ku Ntcheu. Kuzizira kwa Mzuzu mwezi umenewo mukukudziwa, chifunga chimakuta mpaka dzuwa litakwera, ndipo kakolo ankadzuka ali gwa ngati sindinayambe ndamugwirapo ntchito. Ndalama m'nyumba zinali zitatha. Madiresi a ukwati aja ndinali nditawapereka kwa telala mnzanga, makasitomala ena anali atapeza kwina, lendi ya pakhonde ikuwerengabe. Ndalama ya galimoto yopitira ku fizo ndinkaiona ngati ndikulanda ana ndiwo. Ndinadumpha ulendo umodzi, ndipo kunyumba ndinangosiya, masabata awiri athunthu. Ndinkadziuza kuti poti ndikuyenda, kwatsalako kudzatha kokha. Nditadzayeza pakhoma, 4 uja anali atabwerera pa 3, ndipo kutsimphina kunali kutawonjezeka moti chiuno chakumanzere chinayamba kuwawa.

Amene anandibweza ndi bambo wina amene ndinakhala naye pa benchi nditapitanso. Anali wa ku Karonga. Anawombedwa ndi njinga yamoto, fupa la ntchafu linathyoka, anamuika chitsulo ndipo opaleshoni inayenda bwino. Atatulutsidwa anabwerera kwawo, mtunda wa makilomita oposa 200 kudzera ku Chiweta, ndipo chifukwa cha ndalama ya ulendo anakhala miyezi yambiri osaonana ndi wa fizo aliyense. Anangogona, abale akumusamalira ndi mtima wonse. Fupa linagwirana bwinobwino, koma bondo linauma lili chiwongokere. Sankatha kukhala bwino m'minibasi, sankatha kupalasa njinga, ndipo kwa munthu wa ku Karonga njinga ndi miyendo. Ndinamumva akubuula m'chipinda muja pamene ankamupinda bondolo, bambo wamkulu wa ana ake. Potuluka anandiyang'ana phazi n'kunena kuti, "Mayi, inu muli pafupi. Musachite zimene ndinachita ine."

Kunena zoona iye sanalakwe kanthu, anangokhala kutali. Mzuzu Central Hospital imalandira odwala otumizidwa kuchokera ku Chitipa, Karonga, Rumphi, Nkhata Bay, Mzimba mpaka ku Likoma, ndipo munthu wa ku Nthalire kapena ku Usisya sangamabwere kawiri pa mwezi. Anthu a fizo m'dziko muno ndi ochepa. Digiri ya fizo, imene pa Chingerezi amati physiotherapy, inayamba kuphunzitsidwa ku College of Medicine ku Blantyre mu 2010 mokha, sukulu imene pano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. Malo odziwika ndi za mafupa ndi kubwezeretsa mphamvu m'ziwalo, monga Kachere ndi Beit CURE, ali ku Blantyre, ndipo chipatala cha mafupa cha LION chimene chinatsegulidwa mu 2023 chili ku Lilongwe. Maganizo anga ndi oti popeza anthu ake sangafike paliponse, mafizowo ndi amene ayenera kufika. Wodwala aliyense wotuluka ndi chikhakha kapena chitsulo azipita kwawo atauzidwa kale zimene mwendo udzachite, iye pamodzi ndi gadiyani wake, ataonetsedwa ndi manja zoyenera kuchita sabata ndi sabata. Zida zake si zodula. Zanga zinali chitenje, chubu, khoma ndi nyemba.

Ndinayambiranso. Mwana wanga wamkulu, wa Sitandade 7, ndi amene anatenga mbale zija.

Mu Ogasiti wa fizo uja anandiuza chinthu chimene chinandisangalatsa kuposa zonse. Anati chopondera cha makina anga chimayendetsa kakolo mofanana ndendende ndi mafizo amene wakhala akundipatsa, kutsitsa zala, kutsitsa chidendene, kutsitsa zala, kutsitsa chidendene. Anati ndichotse lamba kuti makina asalemere, ndizingopalasa chopondera chokha mphindi 5, kawiri pa tsiku, ndione mmene phazi lidzukire mawa lake. Makina anga a Singer anali atabwera kunyumba kuyambira Epulo, ataphimbidwa ndi nsalu pakona. Ndinawavundukula, ndinathira mafuta, ndinachotsa lamba. Nditaika phazi pachitsulo chija chozizira n'kumva gudumu likuzungulira, gwede gwede gwede, ndinadziwa kuti ndidzasokanso. Panalibe singano yoyenda, panalibe nsalu, koma phokoso lokhalo linandikwanira.

Patatha sabata ndinabwezera lamba n'kuyamba mizere yowongoka pa zidutswa za nsalu. Chovuta sichinali mphamvu ayi, chinali kuimitsa. Telala amaimitsa singano ndi phazi, pamalo penipeni pamene akufuna, makamaka pa kolala ndi pa thumba. Phazi langa linkachedwa kumva, singano n'kupitirira masitichi awiri kapena atatu. Apa m'pamene ndinamvetsa za timitsempha tija. Ndinalimbikira kuima ndi mwendo umodzi, poyamba pansi polimba, kenako pa pilo, kenako nditatsinzina dzanja lili pafupi ndi khoma. Kuima kukamatalika, singano nayo inkayamba kumvera.

Kayendedwe nako anachita kundiphunzitsanso. Ululu unali utachepa, koma thupi linali litazolowera kutsimphina, phazi ndikuliponya chammbali ngati bakha. Ankandiyendetsa m'khonde la chipatala iye ali kumbuyo, akundikumbutsa kuti chidendene chiyambe, kenako phazi lonse, kenako zala zikankhe, ndipo masitepe a miyendo yonse akhale ofanana. Kukwera mtunda kunabwera msanga. Kutsika, makamaka njira zathu za ku Chibavi zokumbika ndi madzi, kunanditengera nthawi, chifukwa potsika m'pamene kakolo amafunika kupindika kwambiri uku atasenza thupi lonse.

Sukulu zikutsegulira mu Sepitembala ndinali nditabwerera pakhonde langa. Sindinalandire mayunifolomu ambiri ngati zaka zina, ndinkasoka mpaka masana basi. Pofika madzulo phazi linkatupa moti nsapato inkathina, ndipo ndikafika kunyumba ndinkagona chagada mwendo uli pa mapilo awiri. Ndinachita mantha, koma anandiuza kuti kutupa kwa madzulo pambuyo pothyoka kakolo kumatha kukhalapo miyezi yambiri, ngakhale kufika chaka, bola kuzitsika ukagona. Anandilangizanso kuti ndisamakhale pa makina maola ambiri osadzuka. Sacramento ndinadzakweranso mu Novembala. Pamalo paja ndinapempha wopalasa kuti aime, ndinatsika n'kuyenda wapansi, ndipo mpaka pano kukagwa mvula ndimatero.

Pano papita chaka ndi miyezi ingapo. Kunjuta ndimatha, ngakhale chidendene chamanja chimanyamuka pang'ono. Kukazizira kwambiri kakolo amandikumbutsa. Lamlungu lililonse madzulo ndimaima pakhoma la kuchipinda, pamene pali timizere ta choko chosokera tokwerana kuyambira pansi pa khoma, n'kutembenuza tepi. Sabata yathayi kumanzere kunali 11, kumanja 9. Katumba wafika 34.

Ndinawaimbira mayi anga kuwauza. Anandifunsa za ana, za mtengo wa chimanga kuno, za mvula. Tili pafupi kutsanzikana anati, "Nanga nyemba zija ukuwerengabe?" Ndinati eya, amayi, zikadali m'mbale yomwe ija. Anati ndisaziphike mpaka 9 uja afike pa 11.